Nyimbo ya pamtondo imene inathawa m'kalasi mwanga

Nkhani iyi inachitika mu 2024 pa sukulu ina ya sekondale ya boma mu mzinda wa Chipata, m'kalasi la Giredi 9 limene ndinkaphunzitsa nyimbo. Sukuluyo sinditchula dzina, ndipo ana awiri okhudzidwa ndizingowatcha mtsikanayo ndi mnyamatayo. Makolo a mbali zonse anavomera kuti ndilembe malinga wowerenga asathe kuwalozera chala, choncho tina ndi tina ndasiya dala. Ndikulembera makamaka anzanga amene mwayamba kulowetsa mafoni ndi nyimbo za masiku ano m'maphunziro anu, poti moto wonsewu unabuka pa ntchito imene ndinapereka ndekha.

Mmene zinthu zinalili

Chaka chimenecho sukulu zinatsegulidwa mochedwa, pa 12 February, chifukwa cha kolera. Mvula nayo inadula, chimanga n'kuuma chiimire, ndipo madzi atachepa ku Kariba magetsi anayamba kuzima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Kiyibodi imodzi yokha imene tili nayo inangogona m'kabati. M'kalasimo munali ana 71, chifukwa chiyambire maphunziro aulere mu 2022 makalasi athu amadzaza mpaka pakhomo. Ng'oma zinalipo zitatu, ina yong'ambika chikopa.

Ana athu nyimbo amazidziwa, kungoti si za m'buku. Amadziwa amapiano ya ku South Africa, oimba a ku Lusaka ndi ku Kopala, ndiponso a ku Malawi, poti chipata cha Mwami chili pafupi ndipo chinenero n'chimodzi. Nyimbo ikatchuka pa TikTok Lolemba, pofika Lachitatu ikugundidwa pamadesiki. Koma uwalembere sol-fa, kalembedwe ka nyimbo ka do, re, mi, pabolodi, maso onse amafa. Ine ndinakulira m'kwaya ya mpingo kumene sol-fa ndi nsima ya tsiku lililonse, kenako ndinakaphunzira ku Evelyn Hone College ku Lusaka, ndipo zinanditengera zaka kuti ndivomere kuti njira imene inandilera siwafika ana awa.

Temu yachiwiri ndinayesa njira ina. Mwana aliyense anayenera kupita kwa munthu wachikulire, kukaphunzira nyimbo imodzi yakale, kaya ya chimtali, ya chitelele, ya ngoma ya Angoni, yotonthoza mwana kapena ya pamtondo, n'kudzaiimba m'kalasi. Kenako tinkaiika pambali pa nyimbo ya masiku ano imene anawo asankha, n'kumafufuza: woyambitsa ndani, ovomera akulowa pati, chikubwerezedwa n'chiyani, phazi likugunda pati. Za kudambwe ndi za kutsimba ndinaletseratu. Malamulo a sukulu yathu salola mafoni, koma ahedi anandilola kuti Lachisanu lililonse mafoni asanu azilowa kuti tizijambula n'kumvetseranso. Za kumene zojambulazo zizipita belu likalira sindinanenepo kanthu, ngakhale kuganizako.

Mtsikanayo anali ndi zaka 15. Anachokera kumudzi cha ku Chadiza n'kudzakhala ndi amayi ake aang'ono m'tauni kuti sukulu iyandikire. Anali wofatsa, wa mawu okwera ndi oyera, ndipo ndiye ankayambitsa nyimbo m'kwaya ya sukulu. Anabweretsa nyimbo ya pamtondo ya ambuya ake, ya mayi wodandaula za mwamuna amene amatchena popita ku mowa pamene nkhokwe ili gwaa. Anzake awiri ankagunda desiki molandirana ngati minsi iwiri mu mtondo umodzi. Kalasi lonse linaomba m'manja, ine n'kumupatsa mamalikisi apamwamba kuposa onse.

Mnyamatayo anali ndi zaka 16, wobwereza kalasi, wokhala kumbuyo kwenikweni. Pa mayeso olemba a temu yoyamba anapeza 22 pa 100. Mkulu wake ali ndi kashopu kometa tsitsi, kotchajitsa mafoni ndi kuika nyimbo m'mamemori kadi, ndipo foni imodzi mwa zisanu zija inali yochokera kumeneko.

Chizindikiro choyamba, ndi mmene ndinachiphonyera

Patapita masabata awiri ndinalowa m'kalasi n'kupeza anyamata akumbuyo akugunda madesiki. Awiri ankalandirana ngati minsi ija, wachitatu akulowetsa pakati kagundidwe ka log drum, ng'oma ya besi ya amapiano, ndi chibakera. Zinali zogwirana bwino kwambiri. Chinthu chimene ndinakhala ndikulephera kuwaphunzitsa ndi choko, kuti magulu awiri angathe kugunda zosiyana koma n'kumakumana pamalo amodzi, anali akuchichita okha. Ndinasangalala. Ndinawayamikira, ndinalemba kagundidweko pabolodi, n'kugawa kalasi lonse patatu kuti aliyense agunde nawo. Tinatha phunziro lathunthu pa zimenezo. Ana ankaseka kwambiri, ine n'kumati ndiye kukoma kwa phunziro kumeneko.

Mtsikanayo anali atagoneka mutu padesiki. Nditamufunsa anati mutu ukumupweteka, ndipo ndinamulola kutuluka. Sabata imeneyo sanabwere ku kwaya, yotsatiranso ayi. Ndinkaganiza za malungo. Kenako anayamba kujomba kusukulu, ndipo tsiku lachitatu lojomba, mnzake wina anatsalira anzake atatuluka n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Aticha, kodi inu simunaione?"

Pamenepa anzanga muimepo pang'ono. Kwa mphindi 40 ndinatsogolera ana 70 kuimbira mnzawo nyimbo yomunyoza, iye ali pomwepo, ine ndili kutsogolo ndi choko. Mawu sanatchulidwe ngakhale limodzi, chifukwa sanafunikire. Nyimbo ikafala pa mafoni, kagundidwe kake kokha kamanyamula mawu onse kwa amene anaimva. Mphunzitsi amene sali m'magulu awo a WhatsApp amangomva ng'oma. Masiku ano ndikamva kagundidwe katsopano m'kalasi ndimayamba ndafunsa kuti n'ka nyimbo iti, mawu ake akuti chiyani, ndipo ndimayang'ana amene sakuseka.

Zimene tinapeza

Inali vidiyo ya masekondi 48. Mnyamatayo anatenga zimene anajambula Lachisanu lija, anadula mawu a mtsikanayo zidutswa zinayi, n'kuziyala pa biti ya amapiano. Pakati anaikapo mawu ake a rapu onyoza nsapato za mtsikanayo za pa salaula, kalankhulidwe kake ka kumudzi, ndi fungo la utsi limene ankati limamveka pa yunifomu yake. Anatchula dzina lake lachibwana limene anzake amamuitanira, ndi kalasi lomwe. Chithunzi chinali nkhope ya mtsikanayo akuimba, ataichedwetsa pa pulogalamu yokonzera mavidiyo ya CapCut pamalo pamene pakamwa pali yasa.

Inayambira m'gulu la WhatsApp la kalasi, limene aphunzitsi sitinkadziwa kuti liliko. Kuchoka apo inakwera pa status za ana angapo. Status imazimirira pakatha maola 24, koma amene anaikonda anali ataisunga kale. Mkulu wake wa mnyamatayo anaiika pa TikTok, ndipo kumeneko munthu wina aliyense angathe kutenga mawu a vidiyo yako n'kujambulirapo yake. Tsiku limene tinawerenga tinapeza mavidiyo 31 a ana akuvina nyimboyo, ambiri a sukulu zina, osamudziwa n'komwe mtsikanayo. Inalowanso m'mamemori kadi a makasitomala a pa kashopu kaja.

Usiku umenewo ndinaimvetsera kangapo, ndipo ndinene zoona: khutu langa la woimba linasilira. Mnyamatayo anagwiritsa ntchito pulogalamu yopangira nyimbo ya BandLab pa foni yosweka galasi. Anafulumizitsa nyimbo ya ambuya kufika pa kugunda 112 pa mphindi popanda kuwononga mawu, anaonetsetsa kuti munsi uliwonse ukugwera pa biti, ndipo besi yake inakhazikika ndendende pa do wa mtsikanayo. Mwana amene sankatha kulemba do papepala anamupeza do ndi khutu. M'mawa mwake ndinadzuka ndi maganizo a mmene ndingakulitsire luso limeneli, ndipo ndinali nditafika kale pa geti la sukulu pamene ndinazindikira kuti chidzukire sindinamuganizireko mtsikanayo. Aphunzitsi a nyimbo tili ndi matenda amenewa. Luso likationekera timaiwala amene lamuponda.

Zimene tinasankha kuchita

Ndinapita kwa ahedi ndi kwa madamu a uphungu tsiku lomwelo, n'kufotokoza zonse, kuphatikizapo mbali yanga. Achiwiri kwa ahedi anafuna zinthu zitatu nthawi imodzi: mnyamatayo aimitsidwe sukulu, mafoni asalowenso, ntchito yonse ya nyimbo ithe. Anati nyimbo za pa foni ndi zimene zikuwononga ana, ndibwerere ku zachikhalidwe zokhazokha. Ndinawayankha kuti nyimbo imene yavulaza mwanayu theka lake ndi yachikhalidwe, ndipo kalindula amene lero timamuika m'gulu la zathu nayenso anali wachilendo m'makutu a akuluakulu a nthawi yake. Sitinamvane, koma ahedi anagamula kuti chilango chidikire, tiyambe ndi mtsikanayo.

Madamu a uphungu anakhala naye awiriwiri, ine kulibe, ndipo zinayenera kutero poti ine ndinali mbali ya chilondacho. Anapeza kuti mwanayo sankadya bwino, ankazungulira njira yaitali popita kunyumba kuopa pamene anyamata a njinga zamoto amaimika, ndipo anali atauza kale amayi ake aang'ono kuti akufuna kubwerera kumudzi, osanena chifukwa. Madamuwo anamufunsa mosazungulira ngati anaganizapo zodzivulaza. Anati ayi. Anamupatsabe nambala ya 116 ya Childline, n'kupangana kuti azionana m'mawa uliwonse asanalowe m'kalasi.

Chachiwiri chinali kuzimitsa moto. Tinaona kuti tikamuimitsa sukulu mnyamatayo tsiku lomwelo, adzakhala pa kashopu kaja tsiku lonse ndi foni m'manja, anzake akumutenga ngati ngwazi, pamene ndi iye yekha amene ankadziwa kumene nyimboyo anaitumiza. Tinamuitana, anavomera osalimbalimba, ndipo analemba mayina a onse amene anawapatsa. Mkulu wake anachotsa vidiyo ya pa TikTok madzulo omwewo. Ena tinawapempha mmodzimmodzi, ndipo amene sanayankhe tinawadandaulira kwa eni TikTok kuti ndi vidiyo yozunza mwana. Kope imodzi yokha inasungidwa kwa ahedi ngati umboni. Apa panachitika china chochititsa manyazi: mphunzitsi mnzathu anali ataitumiza kale m'gulu la aphunzitsi, akuti kuti tione zimene ana akuchita. Kumeneko nakonso n'kufalitsa, ndipo ena mwa ife tinaseka tisanadziwe kuti ndi mwana wathu.

Za kupolisi tinakambirana. Lamulo la 2021 la milandu ya pa intaneti linkaletsa kuzunza munthu kudzera pa foni, koma onse awiri anali ana, ndipo Children's Code Act ya 2022 imatsegula njira zothetsera nkhani za ana popanda kuthamangira kukhoti. Tinagwirizana kuti tiwafotokozere eni mwana njira zonse, asankhe okha.

Tsono eni mwana ndani? Ife tinaitana amene analembedwa m'kaundula, amayi ake aang'ono. Anabwera, anamvetsera, analira, kenako anati, "Aphunzitsi, ine ndimangosunga. Mwini mbumba ndi atsibweni ake. Sindingayankhe kanthu iwo kulibe." Achiwiri kwa ahedi anaona ngati n'kutaya nthawi. Koma kwa Achewa mlandu wa mwana wa mlongo wako ndi wako, ndipo chilichonse chimene tikanagwirizana popanda atsibweni chikanakaphwasulidwa kumudzi. Tinadikira masiku anayi. Atsibweniwo atafika sanabwere okha. Anabwera ndi ambuya, eni nyimbo, amene palibe anawaitana.

Tsiku la zokambirana

Tinakhala mu ofesi ya ahedi. Bambo ake a mnyamatayo analowa atakwiya kale, akunena kuti ngati sukulu ikuopa kukwapula, poti chikoti chinaletsedwa m'sukulu kuyambira 2003, iwo akamaliza okha kunyumba. Ahedi anawakhazika pansi n'kupempha mnyamatayo kuti alankhule.

Zimene ananena sindinaziyembekezere. Anati, "Nenze kungoseka chabe. Aticha ndiwo anatiuza kuti nyimbo za pamtondo ni zonyoza, ati azimayi akale anali kuchita diss. Anatiuzanso kuti kutenga nyimbo ya wina n'kuikapo mawu ako si kuba."

Sananame. Pofuna kuwakopa ndinawauzadi kuti nyimbo za pamtondo zinali diss ya makolo athu. Ndinawaphunzitsanso kuti nyimbo ya fuko lathu inatenga chuni cha nyimbo imene Enoch Sontonga anapeka ku South Africa mu 1897, ife n'kuikapo mawu athu. Mwanayo anatola mfundo ziwiri za mphunzitsi wake n'kuzilumikiza. Maso onse anatembenukira kwa ine, ndipo ndinalibe poyambira.

Ambuya ndiwo anaswa chete. Anapempha kuti aimve nyimboyo. Atsibweni anakana, koma iwo anaumirira kuti mawuwo ndi awo. Ahedi anaiyatsa motsitsa. Anaimvetsera kawiri, mutu uli pansi, chala chikugunda pa bondo. Kenako anayang'ana mnyamatayo.

"Mwanawe, ng'oma waikola bwino, sindikukana. Koma tamvera. Nyimbo iyi ndinkaimbira mwamuna wanga, ambuye ake a mwana uyu. Ndikusinja, iwo ali khale pansi pa mtengo, akumva. Kodi dzina lawo walimvamo? Mudzi wonse unkadziwa amene ndikunena, koma iwo ankatha kudzuka n'kuyenda bwinobwino ngati akunenedwa ndi wina. Mphale ikayera, nyimbo yathera pomwepo, madzulo ndikuwapatsa madzi osamba m'manja. Nanga yakoyi idzathera pati?"

Mnyamatayo sanayankhe. Ambuya anapitiriza. "Ndipo pamtondo timaimbira amene sitingathe kumuyankha pamaso. Mwamuna, apongozi, nthawi zina amfumu amene. Iwe waimbira mlendo wopanda mlongo m'tauni muno. Unkamuopa chiyani mwana ameneyu kuti mpaka umuimbe?"

Apa ndi pamene nkhani inatembenukira, kwa mnyamatayo ndi kwa ine ndemwe. Anayamba kulira, bambo ake n'kusiya za chikoti zija. Ine ndinaona chimene chinasoweka m'phunziro langa. Ndinaphunzitsa kagundidwe, mayambitsidwe ndi mavomeredwe, ndinanenanso kuti nyimbozi zimadzudzula, koma mpanda umene unkazitchinga sindinautchule, chifukwa nanenso sindinkauona. Nyimbo ya pamtondo imabisa dzina kuti wodzudzulidwa atsale ndi pobisa nkhope. Imachokera kwa wopanda mphamvu kupita kwa wamphamvu. Imamveka pamene mawu a munthu angafike basi, ndipo imatha ntchito ikatha. Foni imagwetsa mpanda wonsewo: imaonetsa nkhope, imafika ku Lundazi ndi ku Mchinji tsiku limodzi, ndipo siiwala. Pamene ndinati pamtondo ndi diss ndinkafuna kufupikitsa mtunda pakati pa ana ndi ambuya awo, koma ndinafananitsa zinthu pongoona kuti zonse zimaluma. M'mabuku amene ndinaphunzira nyimbo zimenezi zimalembedwa ngati mawu ndi manoti. Malamulo a kaimbidwe kake amakhala ndi eni ake, ndipo ine ndinatuma ana kukatenga nyimbo osawauza kuti akafunsenso malamulowo.

Atsibweni anati za kupolisi ayi. Anafuna chipepeso pamaso pa banja, ndi kuti nyimboyo ifafanizidwe paliponse pamene dzanja lingafike. Bambo a mnyamatayo analipira ulendo wa atsibweni ndi ambuya, ndipo Loweruka lotsatira anapita ndi mwana wawo kunyumba kwa amayi aang'ono aja atanyamula nkhuku. Sukulu inamupatsa mnyamatayo sabata imodzi ya ntchito ya manja akaweruka, n'kumuletsa kukhudza foni pasukulu mpaka temu itatha. Inenso ndinapepesa kwa banjalo pomwepo, ndi kwa mtsikanayo payekha pamaso pa madamu a uphungu, makamaka chifukwa cha phunziro la madesiki lija.

Kulakwitsa kwanga kwachiwiri

Patatha sabata ndinabwera ndi nzeru imene ndinkaiona ngati yakupsa. Ndinati awiriwa apangenso nyimboyo pamodzi, mawu onyoza achotsedwe, ambuya atchulidwe ngati eni ake, ndipo idzaimbidwe pa tsiku la makolo. Ahedi anaikonda. Ndinkaona kale anthu akuomba m'manja.

Nditamuuza mtsikanayo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Aticha, ndiye kuti ndikaimenso kutsogolo kuti iye aoneke wabwino?"

Madamu a uphungu anandikokera pambali n'kundiuza mosapsatira kuti chimene ndikufuna ndi mathero okoma a nkhani yanga, osati kuchira kwa mwana. Ananena zoona. Chiyanjano cha pa siteji chimakomera oonerera ndi wolakwa. Wolakwiridwa amasenzanso katundu wina, woti akhululuke pagulu pa tsiku limene mwamusankhira inu. Nzeruyo inafera pomwepo.

Zimene ndinasintha m'kalasi

Ntchito ya nyimbo sinathe, koma inasintha. Kujambula kunatsala pa foni imodzi, yanga, mawu okha popanda nkhope, ndipo tikamaliza kumvetsera ndimafafaniza ana akuona. Makolo amasaina kalata ya chilolezo yolembedwa m'Chinyanja. Mwana akapita kwa wachikulire amafunsanso mafunso ena: nyimboyi inkaimbidwa ndi yani, kwa yani, pamalo pati, ndipo ndani sankayenera kuimva? Mayankho a mafunso amenewa akhala okoma kuposa nyimbo zenizenizo.

Tinakhalanso ndi maphunziro awiri a umwini wa nyimbo. Ambiri ankakhulupirira kuti chilichonse chimene chili pa intaneti n'cha aliyense. Tinakambirana za lamulo la 1994 loteteza opeka ndi oimba, za ntchito ya ZAMCOPS yotolera ndalama za oimba nyimbo zawo zikaseweredwa pagulu, ndi za lamulo la 2016 loteteza nzeru ndi zaluso za makolo. Mwana wina anafunsa kuti nanga nyimbo ya ambuya ija mwini wake ndani, ambuyawo kapena mudzi wonse? Tinatsutsana mpaka belu, ndipo sindinawapatse yankho limodzi.

Chimene chinagwira kwambiri ndi ntchito yopeka. Gulu lililonse linapeka nyimbo yodzudzula pa biti imene likufuna, koma motsata malamulo a ambuya, amene ndinawafotokoza popanda kunena kumene ndinawamva: dzina lisamveke, ndipo muimbire chinthu kapena munthu wokuposani mphamvu. Magulu ambiri anaimba za kuzima kwa magetsi ndi mtengo wa ufa. Gulu lina linaimba za mphunzitsi amene amabwera ndi choko chambiri koma makutu anawaiwala kunyumba. Dzina silinamveke. Ndinawapatsa mamalikisi abwino.

Za mnyamatayo ndinazengereza. Kumupatsa mpata woonetsa luso msanga kukanaoneka ngati mphotho, ndipo kalasi likanaphunzira kuti njira yoti aticha akuone ndi kunyoza mnzako. Ndinadikira mpaka temu yachitatu, ndipo ndinayamba ndafunsa mtsikanayo kudzera kwa madamu a uphungu. Anayankha kuti zimenezo sizikumukhudza, bola mawu ake asagwiritsidwenso ntchito. Ndiye ndinayamba naye chammbuyo: m'malo momuphunzitsa sol-fa kuti adzapeke nyimbo, ndinamuuza kuti alembe mu sol-fa besi ya mabiti amene anapanga kale. Poyamba zinkamutengera ola lathunthu kulemba tizigawo tinayi ta nyimbo. Pofika October ankalemba chuni chachifupi pongochimva kawiri. Anzanga ena pasukulu mpaka lero amati ndinamunyengerera, ndipo sindinganene kuti alibiretu mfundo.

Mmene zinathera

Mtsikanayo anajomba masiku asanu ndi anayi onse pamodzi. Kumudzi sanabwerere. Tinamupatsa mwayi wosamukira kalasi lina, koma anakana, anati wosamuka akhale wolakwayo. Poti phunziro la nyimbo linali m'kalasi limodzi lokhalo, tinangosintha malo okhala, mnyamatayo n'kubwera kutsogolo pafupi ndi tebulo langa. Kugunda madesiki kuja kunamvekanso kawiri, ndipo kachiwiriko anakuletsa ndi ana anzawo ine ndisanatsegule pakamwa.

Ku kwaya anabwerera mu September. Anapempha kuimba alto, mzere wachiwiri. Ndinamupempha kamodzi kuti ayambitse nyimbo, anapukusa mutu, ndipo sindinabwerezenso. Onse awiri anakhoza mayeso a boma a Giredi 9. Mnyamatayo akupitiriza nyimbo ndipo ndiye amapanga mabiti oyeserera a kwaya, opanda mawu a munthu. Mtsikanayo ku Giredi 10 anasankha maphunziro ena, nyimbo anaisiya.

Mavidiyo a pa TikTok ambiri anachoka, koma asanu ndi limodzi eni ake sanatiyankhe. Za m'mamemori kadi sitinathe kuzitsata. Tsiku lina ndikudutsa pafupi ndi msika wa Kapata ndinaimva ikulira pa sipika ya njinga yamoto, mawu a mwana uja ali pamwamba pa log drum, woyendetsayo akugwedeza mutu. Ndinaima, ndinamupempha, anandiyang'ana ngati wamisala, kenako anaidumpha n'kuika ina.

Sukulu zitatsegulidwa January wotsatira ndinakumana ndi mtsikanayo pa khonde la ofesi. Ndinafunsa za ambuya. Anati ali bwino, ndipo pa holide anamuphunzitsa nyimbo zina ziwiri akusinja limodzi. Ndisanadzigwire ndinafunsa ngati angadzandiimbireko tsiku lina. Anamwetulira mwaulemu, manja ali kumbuyo.

"Izo ndi za kumudzi, aticha."